Kuyeza presha ya m'diso sikupweteka

Ndikauza munthu kuti aike chibwano pamakina n'kugunditsa chipumi kutsogolo, kawirikawiri amandigwira dzanja. "Adokotala, mukufuna kundibaya m'diso?" Ayi agogo, sindikubayani. Ndikufuna kudziwa kulimba kwa diso lanu, monga mmene wakabaza amatsinira tayala asananyamule munthu.

M'kati mwa diso muli madzi oyera, osati misozi ayi, amene amapangidwa usana ndi usiku n'kumatuluka kudzera m'timipata ting'onoting'ono. Timipatato tikayamba kutsekeka, madzi amaunjikana, diso limalimba, ndipo mtsempha wopita ku ubongo umafa pang'onopang'ono. Nthendayi ndi glaucoma.

Chida choyezera timachitcha tonometer. Chimene timachidalira kwambiri anachipanga Hans Goldmann, dokotala wa ku Bern ku Switzerland, m'zaka za m'ma 1950. Ndimayamba ndadontheza mankhwala ochititsa dzanzi ndi kautoto kachikasu, kenako ndimayatsa nyali yabuluu. Kamutu ka chidacho kakangokhudza diso, ine posuzumira ndimaona timizere tiwiri tobiriwira, tokhota ngati mwezi wongokhala kumene. Ndimapotoza kachitsulo mpaka timizereto titakumana, n'kuwerenga nambala. Pasanathe mphindi ziwiri tamaliza, agogo aja n'kumafunsa ngati tayamba kale. Chilipo china chopemerera mpweya, komanso iCare ya ku Finland, yogwira m'manja, yosalira mankhwala a dzanzi. Imeneyi imathandiza poyeza ana ndiponso tikapita kumidzi.

Anthu ambiri nambala yawo imakhala pakati pa 10 ndi 21 mmHg. Komatu nambala payokha sigamula mlandu. Alipo ena mtsempha umawonongeka nambala ili bwinobwino, n'chifukwa chake timaunikanso mtsemphawo.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi mawu akuti, "Ndi ng'ala imeneyi, tidikire ikhwime." Ng'ala timachotsa, munthu n'kuonanso. Glaucoma yofala kwambiri sipweteka, imayamba kudya m'mbalimbali. Munthu amagunda felemu la chitseko, njinga imamudzidzimutsa, achibale n'kumati ndi ukalamba. Akamafika kwa ife ali chogwiridwa dzanja, chimene chapita sitingachibweze. Timangoteteza chotsalacho ndi mankhwala odontheza monga timolol, kapena opaleshoni.

Ife anthu akuda nthendayi imatigwira msanga, komanso imayenda m'magazi. Ngati mwakwanitsa zaka 40, kapena kholo lanu kaya m'bale wanu anasiya kuona popanda chifukwa chodziwika, pitani ku Lions Sight First ku Queens, ku Kamuzu Central, ku Nkhoma, kapena mukafunse kuchipatala cha boma lanu. Mukanene nokha kuti, "Mundiyezeko presha ya m'maso," ngakhale mukuona bwinobwino.