Thovu Litatha, Injini Inayamba Kuyimba

Injini ya Mazda 13B ilibe mapisitoni. Mkati mwake muli zipinda ziwiri, chilichonse chooneka ngati khoko la mtedza wa maso awiri umene timalima kuno ku Mchinji, ndipo m'chipinda chilichonse mumazungulira chitsulo cha ngodya zitatu chotchedwa rota. Nzeruyi ndi ya Felix Wankel wa ku Germany, ndipo injini yoyamba ya mtunduwu inalira mu 1957 kukampani ya NSU. A Mazda a ku Japan anaika injini ya mtunduwu m'galimoto ya Cosmo mu 1967, kenako mu RX-7 kuyambira 1978. Ya 13B ndi kainjini kochepa, ma cc 1,308 okha, kosanjenjemera, koma mphamvu zake ndi zodabwitsa. Anthu odzipangira ndege m'magalaja mwawo ku America anakasirira. Mmodzi mwa iwo, Tracy Crook wa ku Florida, anakamangirira pakandege ka anthu awiri ka RV-4 m'zaka za m'ma 1990, ndipo enanso anatsatira.

Kuchotsa injini m'galimoto n'kuipititsa mumlengalenga kuli ndi zake. Pamsewu dalaivala amaponda, n'kusiya, n'kuima pamphambano, injini n'kumapuma. M'mwamba mulibe poima. Injini imazungulira maulendo 5,000 kapena 6,000 pa mphindi kwa maola, magiya akuchepetsa liwirolo kuti pulopela iyende bwino. Tsono mu injini iyi oyilo ali ndi ntchito ziwiri. Amafewetsa mabering'i, komanso amapoperedwa mkati mwa rota kuti aiziziritse, mwakuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kutentha kotayidwa limatuluka kudzera mwa iye. Akachoka mu rota amakhala atapunthidwa kwambiri, wodzaza timpweya, n'kugwera musampu ali thovu. Asanakhazikike n'komwe, pampu yamuyamwa kale.

Apa ndiye pamagona tsoka. Mpweya sunyamula katundu ndipo suchotsa kutentha ngati oyilo. Muvi wa geji ya puresha umayamba kuvina, wa kutentha n'kumakwera, ndipo munthu ali pamwamba pa mitengo mtima uli m'mwamba, maso akusakasaka bwalo loti n'kuterapo.

Ndiye taonani mankhwala ake, ine amandikondweretsa zedi! Ndi chitsulo chopyapyala chabe, chafulati, chokhala ndi mipata, chimene amachilowetsa pakati pa injini ndi sampu. Oyilo wotentha uja sagweranso pakamwa pa paipi ya pampu. Amayamba wayalika pachitsulopo, n'kuyenda pang'onopang'ono kukafika pamipata, timpweya tikuphulika m'njira. Ena amapitirira: amaika thanki yapadera, yaitali, momwe oyilo amalowera cham'mbali n'kuzungulira khoma, mpweya n'kuthawira pamwamba, woyera n'kutsikira pansi. Amawonjezanso choziziritsira oyilo chokula, choikidwa pomwe mphepo imawomba. Nsonga zitatu za rota nazo zimafuna kudzozedwa, ndipo m'galimoto kapampu kena kamadonthezera oyilo wa musampu m'chipinda choyakira. Ambiri ouluka amakachotsa n'kumasakaniza oyilo wa two-stroke mupetulo, chifukwa iye amapsa osasiya mwaye wambiri.

Zikatere, muvi uja umaima nji, kutentha kumakhazikika, ndipo injini yomwe inali yochititsa nthumanzi imangoyimba nyimbo imodzi kuchokera ponyamuka mpaka potera. Chitsulo choti mwana angachinyamule ndi dzanja limodzi chasandutsa mantha kukhala ulendo wokoma!

Mtima wofuna kuuluka nafenso tili nawo. Mu 2016 Felix Kambwiri wa m'mudzi wa Gobede anatchuka ndi helikopita yake ya zitsulo zotolatola ndi injini ya njinga yamoto ya 125cc. Komabe kuno kwa Mavwere thovu lomweli timakumana nalo pansi pompano, m'zigayo, m'mapampu a kudimba ndi m'njinga za kabaza zodzaza msewu wa Lilongwe-Mchinji.

Alamu anga ali ndi chigayo cha dizilo cha pisitoni imodzi. Chinali chigayo chodandaulitsa. Chikagaya pang'ono chinkatentha, kulira kwake n'kusintha, oyilo n'kumatulukira pakapaipi kopumira. Amayi ankasenza matumba awo kupita kwina akung'ung'udza. Alamuwo, pofuna kuchisamala, ankangowonjezera oyilo, wogula m'mabotolo osatsekedwa, poganiza kuti wochuluka ndiye wabwino.

Makaniko wina wachikulire atabwera, sanamasule chilichonse. Anazimitsa injini, nasolola kandodo koyezera oyilo, nakayang'ana padzuwa. Kanali ndi timathovu kuchokera kunsonga mpaka kupitirira mzere wapamwamba.

"Achimwene, injiniyi mwaikhutitsa mopyola," anatero. "Oyilo wakwera mpaka crankshaft ikumupuntha. Pampu ikumwa mpweya."

Anaonetsanso kuti oyiloyo anali wotuwa ngati wathiridwa mkaka, chizindikiro cha madzi, ndipo atakweza maso anapeza denga likudontha pamwamba penipeni pa injini. Anakhuthula yense akadali wofunda, natsuka kasefa, nathira watsopano wa m'chigubu chosatsegulidwa, mpaka pakati pa mizere iwiri ya pakandodo koyezera kaja basi. Oyilo wabwino amabwera ndi mankhwala ake oswa thovu, amene wa m'mabotolo sungamudalire kuti ali nawo. Lata lodontha analisintha tsiku lomwelo.

Abale, kusintha kwake! Chigayo chomwe chinkatsokomola chinayamba kugunda mofanana, tu-tu-tu-tu, kumveka mpaka kutsidya kwa dambo. Chinagaya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka osapempha kupuma. Amayi aja anabwerera ndi anzawo, mzere wa matumba unafika pamtengo wa mango, wogayitsa ali mbuu ndi ufa, mano okha akuwala. Oyilo amene kale ankatha ngati akumwedwa tsopano amafika nthawi yake yosinthira. Anyamata a kabaza oimika njinga pafupi atamva, anayamba kusolola tindodo tawo, ndipo awiri anapezeka kuti nawonso anadzaza mopyola mzere. Alamu anga masiku ano sayatsa injini asanayeze oyilo, ndipo ndalama ya nyengo yokolola anagulira malata a denga lonse la chigayo.