Seydou Keïta, Mmisiri wa Zithunzi wa ku Bamako

Masiku ano, pamene pafupifupi lamya ya m'manja iliyonse ili ndi kamera, munthu angathe kujambula zithunzi zambirimbiri m'maŵa, nazifafaniza zonse dzuŵa lisanaloŵe. Nchifukwa chake ena amaganiza kuti kujambula si luso loti munthu nkuliphunzira kwa zaka, kapena ntchito yoti nkudyetsa nayo banja. Mbiri ya Bambo Seydou Keïta a ku Bamako, likulu la dziko la Mali, ikuonetsa zina. Iwoŵa kaŵirikaŵiri ankajambula munthu kamodzi kokha, ndipo chithunzi chimodzicho chinkayenera kutuluka bwino.

Bambo Keïta adabadwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, dziko lawo lili pansi pa ulamuliro wa Afalansa. Atate awo adali kalipentala, ndipo iwonso adayamba ntchito ya matabwa akali aang'ono. M'chaka cha 1935 mbale wina wa makolo awo, pobwera kuchokera ku Senegal, adaŵapatsa kamera yaing'ono ya mtundu wa Kodak Brownie. Adayamba ndi kujambula abale ndi anansi, ndipo zithunzi zambiri zoyambazo sizidatuluke bwino. Sadataye mtima. Kwa zaka zoposa khumi ankapala matabwa uku akuphunzira kujambula, akufunsa nzeru kwa amene adaŵatsogolera pa lusoli, monga Pierre Garnier, amene ankagulitsa zipangizo zojambulira mumzindamo. Mu 1948 ndi pamene adatsekula situdiyo yawo pabwalo la kwawo, m'dera la Bamako-Coura, pafupi ndi ndende yaikulu.

Kamera imene ankagwiritsa ntchito mu situdiyomo idali yaikulu, yoimika pa miyendo itatu. Inkadya filimu imodziimodzi, ya masentimita 13 m'lifupi ndi 18 m'litali. Kuti munthu amvetse ukatswiri wawo, ayenera kudziŵa pang'ono mmene kamera yotere imagwirira ntchito. Kuŵala kochokera pa nkhope ya munthu kumaloŵera pa galasi la kutsogolo, lija amati lenzi, nkukagwera pa filimu. Kuŵalako kukachepa, chithunzi chimada. Kukachuluka, chimayezuka mpaka nkhope kusoŵa maonekedwe. M'kamera yabwino muli kachitseko kamene kamatsekuka ndi kutsekeka kokha m'kuphethira kwa diso. Kamera ya Bambo Keïta kachitseko kake kadali kakufa. Tsono iwo ankachotsa chivundikiro cha lenzi ndi dzanja, nachibwezeranso atayeza nthaŵi ndi mtima wokha, wojambulidwayo ali chiimire osaphethira.

Filimu idali yokwera mtengo, ndipo inkachokera kutali. Kujambula munthu mmodzi kaŵiri kapena katatu kukadadya phindu lonse. Choncho ntchito yaikulu inkachitika chivundikiro chija chisanachotsedwe. Ankakonda kujambulira panja, pa kuŵala kwa dzuŵa. Ankamuyang'anitsitsa munthuyo kuti aone mbali ya nkhope imene ikumukhala, namupendeketsa mutu pang'ono, nayala manja ake kuti mphete ndi zibangili zioneke, nakonza mapindo a nsalu. Amayi ena ankaŵagoneka chammbali atatsamira chigongono, chovala chawo chitayalidwa monga mtsinje. Zitatha izi ankatsuka filimuyo, nkupeza negetivu, ndiye kuti chithunzi choyamba chija chimene zoyera zimaoneka zakuda, zakuda nkuoneka zoyera. Negetivuyo ankaisanjika pa pepala lojambulirapo, kotero kuti chithunzi chopita kwa mwiniwake chinkakhala chachikulu chimodzimodzi ndi filimu.

Pa malonda adalinso ochenjera. Adazindikira kuti munthu sapita kwa wojambula kuti akaoneke monga amaonekera tsiku ndi tsiku, koma monga afunira kuti abale ake akutali amuone. Mu situdiyo mwawo ankasungamo masuti, mataye, zipewa, mawotchi, zolembera, magalasi a maso, maluŵa apulasitiki, wailesi, ngakhale njinga yamoto ya Vespa, zoti wojambulidwa abwereke kwa kamphindi. Mnyamata wopanda khobidi ankatuluka pa chithunzi atatsamira wailesi ngati yake. Wina anganene kuti limeneli ndi bodza. Koma ndi bodza limene limaulula zoona zake za zimene anthu a mumzinda womakula uja ankalakalaka m'zaka zoyandikira ufulu wa 1960. Kumbuyo kwa munthu ankapachika nsalu, ndipo yoyamba idali chofunda cha pabedi pawo. Pambuyo pake ankasankha nsalu za maluŵamaluŵa, zimene zinkakumana ndi maluŵa a chovala cha wojambulidwa mochititsa kaso. Nsaluzi ankazisintha pakapita zaka zingapo, ndipo atakalamba ndi zimene zinkaŵakumbutsa nyengo imene chithunzi chidajambulidwa.

Anthu ankabwera kuchokera mumzinda monse, ena apaulendo a pa sitima ya pamtunda yochokera ku Dakar. Koma mu 1962 boma latsopano la Mali lidaŵalemba ntchito yojambulira nthambi yake ya zachitetezo, ndipo chaka chotsatira situdiyo idatsekedwa. Adapuma ntchito ya boma mu 1977. Dzina lawo kunja kwa dera lawo silinkadziŵika.

Chinthu chimodzi chokha sadachinyozere: adasunga manegetivu awo, zikwizikwi, mosamala. Ojambula ambiri a nthaŵi imeneyo ankaŵataya kasitomala akangolipira, kapena ankaŵasiya kuti chinyontho ndi fumbi ziŵadye. Mu 1991 ku New York kudachitika chionetsero cha luso la mu Africa chotchedwa Africa Explores, ndipo pakati pa zoonetsedwazo padali zithunzi zingapo zimene pansi pake adalembapo kuti wojambula wake ndi wosadziŵika, wa ku Bamako. Jean Pigozzi, munthu wosonkhanitsa zaluso, atachita nazo chidwi adatuma André Magnin kuti akamfunefune mwiniwake. Ku Bamako, wojambula wina wotchuka, Malick Sidibé, atangoziona adazindikira dzanja la Bambo Keïta. Magnin adaŵapeza ali moyo, manegetivu aja ali nawo.

Mu 1994 zithunzi zawo zidaonetsedwa pazokha ku Fondation Cartier mumzinda wa Paris. Zimene kale zinkakwana m'dzanja tsopano zidatsukidwa zazikulu zodzaza khoma, ndipo ulusi uliwonse wa nsalu udaoneka, umboni wakuti dzanja lochotsa chivundikiro lija silinkaphonya. Akatswiri ena amadandaula kuti zithunzi zazikuluzi, zakuda bii ndi zoyera mbee, zidasiyana ndi tizithunzi tofatsa timene eniake adanyamula kupita nato kwawo. Dandaulo limeneli si lopanda pake, pakuti chithunzi chojambulidwira chikwama cha munthu chimasintha tanthauzo chikapachikidwa m'nyumba ya malonda ku Ulaya. Ndalama zitayamba kuloŵa, padabukanso mkangano wa amene ali ndi ufulu wotsuka ndi kugulitsa zithunzi kuchokera ku manegetivuwo, ndipo udapitirira iwo atamwalira ku Paris mu 2001.

Mu 2016 nyumba yaikulu ya zionetsero ya Grand Palais, ku Paris komweko, idasonkhanitsa ntchito yawo pamalo amodzi. Bambo Keïta sankalemba maina a makasitomala awo, kotero kuti amayi ndi abambo ambiri amene nkhope zawo zidadzaza makoma a nyumbayo adaonetsedwa opanda dzina, pansi pa chithunzi pali zaka zokha.