Lebulo yosanyezimira imayambira pa pepala

Inu ogulitsa chiponde, uchi kapena sopo, mwina munaitanitsapo malebulo osanyezimira, aja osindikiza amati matte, koma n'kulandira onyezimira ngati kalendala. Ambiri amaloza chala inki, chonsecho nkhani imagona pa pepala.

Pa makina a offset, chithunzi chimachoka pa pleti ya aluminiyamu, n'kupita pa mphira, kenako pa pepala. Inki yake ndi yamafuta ndipo imapakidwa mopyapyala kwambiri, motero imatengera mmene pepalalo lilili. La gloss amalikuta ndi dothi loyera n'kulisalaza. Inki imakhala pamwamba, n'chifukwa chake imawala. Pepala losakutidwa, monga bond ya 80 gsm ija ya mabuku a malisiti, limamwa inki. Silinyezimira, koma mitundu imazilala, chofiira chanu n'kuoneka chotuwa.

Kwa ine, loyenera malebulo ndi la matt art: ndi lokutidwa koma sanalisalaze kwambiri, choncho mitundu imaoneka bwino popanda kuthobwa m'maso. Vuto lake, inki imachedwa kuuma ndipo imafufutika mabotolo akamakhulana m'katoni. Musakakamize osindikiza kuti akupatseni tsiku lomwelo. Pemphani vanishi ya matte pamwamba, kapena lamination ngati botolo limalowa mufiriji kapena kugwidwa ndi manja amafuta. Mtengo ukwerako, inde.

Dziwaninso kuti bolopeni imavuta kulemba pa lamination. Ngati tsiku lothera ntchito mumalemba pamanja, nenani musanapereke dipoziti, ndipo akuonetseni pepala lenilenilo, osati chithunzi cha pafoni.