Manganya: Woseka Andale Amene Analowa Ndale

ULÓNGUÈ — Kuno kumalire, kuyambira ku Zóbuè mpaka ku Calómuè, ndi ochepa amene sadziwa dzina la Manganya. Mawu a wailesi ya MBC safuna chiphaso kuti aoloke malire, ndipo ambiri a ife tinazolowera kuimvera nthawi ija tinathawira ku Malawi, nkhondo isanathe mu 1992.

Manganya ndi dzina la pa sewero la a Michael Usi, mbadwa ya ku Mulanje, boma lochita malire ndi Milange. Anatchuka ndi sewero la Tikuferanji, lokonzedwa ndi bungwe la ADRA komwe ankagwira ntchito. Seweroli linkachenjeza anthu za Edzi, koma Manganya sankalekera pomwepo. Katangale ndi malonjezo abodza a andale ankazitchula poyera, anthu nkumaseka, kwinaku akudziwa bwino amene akunenedwa.

Ntchito yotere si yamasewera. Nthawi ya Kamuzu Banda, mlakatuli Jack Mapanje anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera kukhoti. Ufulu woseka akuluakulu poyera unadza ndi ndale za zipani zambiri mu 1994, ndipo Manganya anaugwiritsa ntchito mopanda mantha.

Kenaka a Usi analowa okha ndale. Mu 2019 anaima ngati wachiwiri kwa a Saulos Chilima a chipani cha UTM, ndipo mu 2020 anakhala nduna yoona zokopa alendo ndi chikhalidwe. A Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera anasankha a Usi kukhala wachiwiri wawo.

Apa mpamene panavuta, mmene ndikuonera ine. Mphamvu ya Manganya inali yakuti ankalankhulira munthu wamba. Koma mafuta a galimoto atasowa, mitengo ya zinthu nkukwera, munthu wamba uja anali pamzere padzuwa, pamene a Usi anali m'boma lomwe anthu ankalidandaula. Akanaseka yani?

Pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 anaima paokha ndi chipani chawo cha Odya Zake Alibe Mlandu. Anapambana ndi a Peter Mutharika, a Usi nkutsalira kutali, ndipo mu Okutobala mpando wa wachiwiri kwa pulezidenti unapita kwa mayi Jane Ansah.