Galayinda yotchipa: ndi phindu kapena kutaya ndalama?

Mukalowa m'mashopu a hadiweya mumsewu wa Malangalanga ku Lilongwe kapena ku Limbe, mupeza makina a Ingco ndi Total ali pashelefu imodzi ndi a Bosch ndi Makita, koma mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, amisiri ambiri akuthamangira otchipawo. Kodi akupindula?

Yankho lagona pa ntchito imene makinawo akagwire. Amene akufuna dirilo yoboolera khoma kuti apachike makatani kunyumba, yotchipa imukwanira zaka zambiri. Koma wowotcherera mageti ku Mchesi kapena ku Ndirande, amene galayinda yake imalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ayenera kuwerengera bwino. Ngakhale a Bosch amasiyanitsa: makina awo obiriwira ndi a ntchito zapakhomo, abuluu ndiwo a amisiri.

Tiyerekeze motere, ngati chitsanzo chabe. Galayinda ya K80,000 ikamapsa pakatha miyezi 6, pa zaka zitatu mugula zisanu ndi imodzi, zomwe ndi K480,000. Ya K240,000 ikakhala zaka zitatuzo, mwapulumutsa theka. Onjezanipo masiku amene ntchito yaima, kasitomala n'kutengera geti lake kwa mnzanu.

Nanga chimapha makina otchipa n'chiyani? Choyamba ndi kutentha. Ena mota yake amakulunga ndi waya wa aluminiyamu m'malo mwa kopa, ndipo waya wotere umatentha msanga. Chachiwiri ndi maberingi ofooka, amene fumbi likalowamo amayamba kulira ndi kugwedera. Chachitatu ndi mabulashi, timakala tiwiri timene timapereka magetsi ku amecha. Timeneti timatha m'makina alionse okhala ndi mabulashi, odula ndi otchipa omwe, ndipo kusintha kwake sikudula. Vuto limabwera mukapitiriza kugwiritsa ntchito makina akuthetheka moto m'kati: amecha imaonongeka, ndipo pa makina otchipa kukonzetsa kumatha kuyandikira mtengo wogulira ena atsopano.

N'chifukwa chake musanapereke ndalama, funsani ngati mabulashi, maberingi ndi switchi za makinawo zimapezeka. Safunsa anadya phula. Makina otchipa okhala ndi masipeya pamsika amaposa odula amene masipeya ake n'kuchita kuitanitsa ku Johannesburg.

Musakopeke ndi manambala a pabokosi. Ma watts ochuluka amasonyeza magetsi amene makina amakoka, osati zaka zimene akhale. Pa makina a batire, 18V ndi 20V Max ndi chinthu chimodzi. Chofunika ndi nambala ya Ah, imene imakuuzani kutalika kwa nthawi imene batire igwire ntchito. Dziwaninso kuti batire ya kampani ina kawirikawiri silowa m'makina a kampani ina, choncho funsani mtengo wa batire yapadera.

Chenjeraninso ndi makina achinyengo olembedwa maina otchuka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makita wa mtengo wofanana ndi Ingco akupatseni mafunso. Uzani wogulitsa ayatse makinawo muli pomwepo, mumvetsere ngati sakukhuluza kapena kununkha kupsa. Tengani lisiti yolembedwa nambala ya makinawo ndi miyezi ya waranti, chifukwa popanda lisiti n'kovuta kubweza katundu kapena kukadandaula ku bungwe la CFTC.

Mukagula, moyo wa makinawo uli m'manja mwanu. Musawakanikize podula chitsulo. Liwiro likatsika, mota imatentha. Apumitseni akatentha, ndipo muziuzira fumbi m'timabowo tolowera mphepo. Magetsi a kuno ndi 230V, koma waya wautali ndi wowonda umachepetsa mphamvu yofika ku makina, zimene zimapsereza mota. Magetsi akazima, zimitsani ndi kuzula pulagi, kuopa kuti akabwerera galayinda ingadzidzimuke yokha pabenchi.

Pali malo amodzi pamene kutchipa kumavulaza: madisiki. Galayinda yaing'ono ya 115mm imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi, pamene disiki ya 230mm inapangidwira liwiro losapitirira 6,600 kapena pamenepo. Kuchotsa chotchingira kuti disiki yaikulu ikwane pa galayinda yaing'ono n'kuitana ngozi, chifukwa ikhoza kuphulika n'kukulasani kumaso.

Kwa inu ogulitsa, funsani kasitomala ntchito imene akagwire musanamulozere makina, ndipo sungani mabulashi ndi maberingi a mtundu uliwonse umene muli nawo pashelefu. Mmisiri amene wapeza sipeya kwa inu adzabweranso kudzagula madisiki sabata ndi sabata.