MAWILO AWIRI AMENE ANATSEKULA ZITSEKO ZA YUNIVESITE YA GLASGOW

Tikamva mawu akuti yunivesite, ambirife timaganiza za malo amene munthu amalowako pokhapokha atakhoza bwino mayeso, n'kudzatulukako ndi digiri m'manja. Zimenezo n'zoona, koma si zokhazo ayi. Mayunivesite ambiri akale a ku Ulaya ali ndi khomo lina limene safunsirapo satifiketi. Pa khomo limeneli pamalowa woyendetsa basi, namwino, agogo opuma pantchito ndiponso ana a sukulu, kudzaona zionetsero, kudzamvera nyimbo, kapena kudzamva katswiri akukamba nkhani pagulu. Kuti timvetse m'mene zimayendera, tiyeni titenge yunivesite imodzi, ya Glasgow ku Scotland. Mzinda umenewu uli pafupi ndi mudzi wa Blantyre kumene kunabadwira David Livingstone.

Yunivesite ya Glasgow inayamba m'chaka cha 1451, pamene Papa Nicholas V anapereka kalata yoivomereza atapemphedwa kudzera mwa Episkopi William Turnbull. Maphunziro oyamba ankachitikira pa katedrale ya mumzindamo. Koma khomo la anthu wamba lija linakula pambuyo pake, ndipo amene analikulitsa kwambiri ndi amuna awiri, dokotala ndi woweruza milandu. Onse awiri anachita zimenezi kudzera m'wilo, ndiye kuti ntchito yawo inaoneka iwo atagona kale m'manda.

Dokotalayo anali William Hunter, wobadwa mu 1718. Analowa yunivesiteyi akali mnyamata wa zaka 13, makolo ake akufuna kuti adzakhale mbusa wa mpingo, koma iye anatembenukira ku zachipatala. (Anyamata ena amene akuwerenga pano akudziwa kuti zotere zimachitika.) Anakakhazikika ku London, kumene ankaphunzitsa za kapangidwe ka thupi la munthu ndi kuthandiza amayi pobereka, mpaka anakhala dokotala wa Mfumukazi Charlotte. Ndalama zimene ankapeza ankaguliramo mabuku, ndalama zachitsulo zakalekale, miyala, tizilombo touma ndi zithunzi za akatswiri ojambula. Atamwalira mu 1783 zinapezeka kuti zonsezi anazisiyira yunivesite imene inamlera, pamodzi ndi mapaundi 8,000 omangira nyumba yozisungiramo. Nyumbayo inatsekulidwa mu 1807, ndipo dzina lake ndi Hunterian. Pa nyumba zonse zosungiramo zinthu zakale zimene aliyense angalowemo ku Scotland, yakale kwambiri ndi imeneyi.

Kodi mlendo amaonamo chiyani? Muli miyala yolembedwa m'Chilatini imene asilikali a Chiroma anaika pa linga lawo lodutsa pakati pa Scotland cha m'ma 142, Yesu atabadwa. Muli kainjini kakang'ono koyendera nthunzi kamene James Watt anapatsidwa kuti akonze, ndipo pokakonzapo ndi pamene anayamba kuganiza za injini yabwino koposa. Muli zipangizo za Lord Kelvin, amene anaphunzitsa sayansi pa yunivesiteyi kwa zaka 53. Kumbali ya zojambula kuli kachithunzi ka Rembrandt kosonyeza Ambuye akuikidwa m'manda, zithunzi zambiri za James McNeill Whistler, ndi zipinda za nyumba ya mmisiri Charles Rennie Mackintosh, zimene anazimanganso mwatsopano nyumba yeniyeniyo itagwetsedwa.

Zinthu ndi zochuluka kuposa malo oziyalapo, choncho osamalira nyumbayi amasankha funso limodzi, n'kutulutsa zinthu zoyankha funsolo kwa miyezi ingapo. Chimenecho ndicho chionetsero. Mu 2018 anachita chionetsero chokumbukira kuti papita zaka 300 chibadwire Hunter. Ndipo si zokongola zokha zimene zimafika poyera. M'chaka chomwecho yunivesiteyi inatulutsa lipoti lovomera kuti ina mwa mphatso zimene inalandira kale inachokera kwa anthu amene analemera ndi thukuta la akapolo.

Tsopano woweruza uja. Dzina lake linali Adam Gifford, wa ku Edinburgh, amene anabadwa mu 1820 n'kumwalira mu 1887. Iyeyu sanasiye miyala kapena zithunzi. Anasiya mapaundi 80,000, chuma chochuluka zedi masiku amenewo, kuti agawane mayunivesite anayi: Edinburgh, Glasgow, Aberdeen ndi St Andrews. Glasgow inalandira 20,000. Ndalamazo zinali zoitanira anthu ozama m'maphunziro kudzakamba pagulu nkhani imodzi yokha: kodi munthu angadziwe chiyani za Mulungu pogwiritsa ntchito nzeru zake za chibadwa? Nkhani zimenezi zimatchedwa Gifford Lectures, ndipo zinayamba mu 1888.

Pokhala munthu wa malamulo, Gifford analemba mfundo zake momveka, ndipo pa mfundozi ndi pamene pagona nkhani. Anati wokamba asalumbiritsidwe kapena kufunsidwa za mpingo wake. Akhale wa chipembedzo chilichonse, ngakhale wosakhulupirira konse, malinga akhale munthu waulemu, woganiza mozama ndi wofunadi choona. Anatinso nkhaniyo ikambidwe monga momwe amakambira sayansi ya nyenyezi kapena kemisitili, osadalira zozizwitsa kapena zimene Mulungu anaulula m'Malembo Oyera. Mfundo ina ndi imene ikutikhudza pano: nkhanizo zisakhale za ophunzira okha, koma aliyense wa mumzinda alowe popanda kulembetsa ku yunivesite. Iye ankaona kuti funso la Mulungu ndi la munthu aliyense.

Sipanatenge nthawi kuti fumbi libuke. Woyamba kukamba ku Glasgow anali Friedrich Max Müller, Mjeremani wophunzitsa ku Oxford, katswiri wa mabuku opatulika a ku India. Iye anaika zipembedzo zonse pa mphasa imodzi n'kumaziyerekeza. Atsogoleri ena a mipingo mumzindamo, a Chipresibiteriyani ndi a Chikatolika omwe, anadandaula poyera kuti yunivesite ikulipira munthu wogwetsa chikhristu. Koma wilo inali italembedwa kale, ndipo Müller anamaliza nkhani zake.

Kuyambira pamenepo pa gome limeneli paimapo anthu osiyana ngati usiku ndi usana. Ku Glasgow komweko kunakamba Arthur Balfour mu 1914, amene anakhalapo nduna yaikulu ya Britain, ndipo kuyambira 1932 mpaka 1934 kunakamba William Temple, arkiepiskopi wa Chianglikani. Mu 1985 kunabwera Carl Sagan wa ku America, katswiri wa nyenyezi, amene anauza omvera kuti iye sakupeza umboni wokwanira wakuti Mulungu wa zipembedzo alipo. Anthu anamfunsa mafunso akuthwa, iye n'kumayankha, ndipo zina mwa zokambiranazo zinasindikizidwa m'buku mu 2006, mwini wake atamwalira kale. Ku mayunivesite ena atatu aja kunamvekanso mawu a Akatolika. Étienne Gilson wa ku France anafotokoza ku Aberdeen mu 1931 ndi 1932 nzeru za akatswiri akale a Mpingo monga Tomasi Woyera wa ku Aquino. Bambo Stanley Jaki, wansembe wa chipani cha Benedikto Woyera amenenso anali katswiri wa sayansi, anakamba ku Edinburgh m'zaka za m'ma 1970.

Koma wochititsa chidwi koposa anali Karl Barth, mphunzitsi wa Chiprotestanti wa ku Switzerland, amene anaitanidwa ku Aberdeen mu 1937 ndi 1938. Barth ankakhulupirira kuti nzeru za munthu wochimwa sizingafike kwa Mulungu ngakhale pang'ono, ndi kuti Mulungu amadziwika mwa Khristu yekha. Kunena kwina, ankatsutsa chinthu chenicheni chimene Gifford anasiyira ndalama. Anawauza oitanawo zimenezi mosabisa, iwo anati bwerani ndithu. Atafika anaphunzitsa chikhulupiriro chimene mpingo wa ku Scotland unalemba mu 1560, ponena kuti amene amaphunzira za Mulungu ndi nzeru zokha adzapindula akamva bwinobwino mawu a wowatsutsa.

Nanga Mpingo wa Katolika uli mbali iti? Msonkhano woyamba wa Vatican unaphunzitsa mu 1870 kuti munthu angathe kudziwa motsimikiza kuti Mulungu alipo poyang'ana zolengedwa ndi nzeru zake, monga akunenera Paulo Woyera m'mutu woyamba wa kalata yake kwa Aroma. Apa tikusiyana ndi Barth. Koma msonkhano womwewo unanenanso kuti pali zinsinsi, monga Utatu Woyera, zimene nzeru paokha sizingazitulukire. Apa tikusiyana ndi Gifford. Kwa ine, woweruzayu anapitirira malire poganiza kuti Mulungu angayesedwe ngati mankhwala a m'botolo. Komabe pa mfundo yotsekulira aliyense chitseko sindimupeza cholakwa. Mkhristu amene sanamvepo funso lovuta kuchokera kwa munthu wanzeru ndi waulemu amadzadzidzimuka tsiku limene adzalimve koyamba, ndipo kawirikawiri tsikulo limafika iye ali yekha.

Papa Yohane Paulo II anabwereranso ku nkhani yomweyi mu 1998 m'kalata yake yotchedwa Fides et Ratio, ndiye kuti chikhulupiriro ndi nzeru. Chaka chotsatira, Ralph McInerny, Mkatolika wophunzitsa filosofi ya Tomasi Woyera pa yunivesite ya Notre Dame ku America, anayamba kukamba ku Glasgow, pa gome lomwe lija anaimapo Sagan.

Nkhani za Gifford zikuchitikabe mpaka lero m'mayunivesite anayi aja, ndipo ndalama zake zikuchokerabe ku chuma cha woweruza uja. Zambiri zimasanduka mabuku. Za zaka zaposachedwa amazijambula n'kuziika pa intaneti, kotero kuti munthu amene ali ndi foni angathe kuzimvera ali kwawo.