Masika ndi Ukapitawo: Phunziro la M'chigwa cha Domasi

Lero tili m'chigwa cha Domasi, m'dera la Mfumu Malemia m'boma la Zomba, kumene mtsinje wa Domasi umatsika m'mapiri kulinga ku nyanja ya Chilwa. Nkhani yathu ndi ya chopereka cha Masika, ndiponso mawu amene abusa amawatchula kawirikawiri pa nyengoyi: ukapitawo.

Mawu akuti kapitawo anachokera ku Chipwitikizi, ndipo makolo athu anawazolowera m'minda ya Azungu m'nthawi ya thangata. Kapitawo sanali mwini munda. Iye ankayang'anira katundu wa wina, ndipo tsiku likakwana ankayenera kulongosola mmene zinthu zayendera. Mpingo unatenga mawu omwewa pofuna kuphunzitsa kuti nthaka, mvula, mphamvu ndi zokolola mwini wake ndi Mulungu, munthu anangosungitsidwa.

Chiphunzitsochi chimaoneka ndi maso pa Masika. Anthu akatha kukolola, mpingo umapatula tsiku loyamika. Wina amasenza thumba la mpunga, wina dengu la chimanga, wina nandolo, mbatata kapena nkhuku. Akulu a mpingo amalandira ndi kulemba, kenaka zina amagulitsa kuti ndalama zigwire ntchito ya mpingo, zina amathandizira nazo mbusa ndi anthu osowa. Ubwino wa mwambowu ndi wakuti ngakhale munthu wopanda ndalama m'thumba ali nacho chobwera nacho.

Nanga n'chifukwa ninji chopereka chotere chili chofunika? Mbiri ya Domasi ikutiyankha. Mishoni ya kuno inatsegulidwa mu 1884 ndi Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland, ndipo m'zaka zoyambazo chuma chambiri choyendetsera ntchito chinkachokera ku Scotland. Mu 1911 Harry Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a Mishoni ya Blantyre. Mu 1924 mpingo wa CCAP unabadwa, ndipo mu 1959 amishoni anatula udindo m'manja mwa Sinodi ya Blantyre. Wolandira ufulu amalandiranso mtolo wake. Denga la tchalitchi likadontha, kapena nyumba ya mbusa ikang'aluka, okonza ndi Akhristu eni ake.

Koma dziwani, omvera, kuti kupereka kumayambira pakhomo, pa kasamalidwe ka zokolola. Chigwa chino chili ndi sikimu ya mpunga yothirira imene inakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi thandizo la dziko la Taiwan. Pa nthawi yokolola, ogula amafika m'midzi ndi masikelo awo mitengo ili yotsika. Mlimi wosaleza mtima amagulitsa zonse, ndalama n'kuthera ku mowa ndi zovala zodzionetsera. Pofika Januwale ndi Febuluwale, yemweyo akugula chimanga pa mtengo wokwera, kapena ali pa ganyu m'munda mwa mnzake, wake ukudyedwa ndi udzu. Munthu wotere sangathe kuthandiza mpingo kapena mbale wake, ngakhale mtima utafuna. Moyo wosalira zambiri si umphawi ayi. Ndiwo umasiya kanthu m'nkhokwe koti munthu agawireko ena.

Tisaiwalenso kuti chakudza sichiimba ng'oma. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Asodzi ndi ogulitsa matemba anasowa pogwira. Zaka zotere zimapulumutsa okhawo amene anasunga, pamodzi ndi amene anansi awo anasunga.

Choncho kapitawo wanzeru amagawa zokolola patatu asanatsegule thumba: gawo loyamikira Mulungu, gawo la chakudya ndi mbewu za banja, ndi gawo la wamasiye, wodwala ndi mlendo. Si nzeru yachilendo. Buku la Levitiko, mutu 19, limalamula mwini munda kusiyira osauka khunkha. Amayi a Mvano amachita zomwezi poyendera odwala ndi ofedwa atanyamula ufa ndi nkhuni, ndipo abale athu Achisilamu, amene ndi ambiri m'chigwa muno, ali ndi zakaati ndi sadaka. Akale anati kupatsa n'kuika.

Pomaliza, mawu awiri kwa inu akulu a mpingo, pakuti nanunso ndinu akapitawo. Loyamba, werengerani chopereka pamaso pa mboni, lembani m'buku, ndipo lengezani poyera mmene chagwirira ntchito. Anthu akayamba kukayika, manja awo amauma. Lachiwiri, musachititse manyazi wobwera ndi kambale kamodzi ka nyemba. Pa Marko mutu 12, amene Yesu anamuyamikira anali mkazi wamasiye woponya timakobiri tiwiri, osati eni chuma.